Kodi 23 Januwale ndi tsiku la minyama kwa oimba?

Mayi wina amene amaphunzitsa pa sukulu ina ya sekondale ku Zomba anandilembera imelo yokhala ndi funso limene landitengera masiku angapo kuti ndiliyankhe bwino. Analemba kuti: "Ndinabadwa pa 23 Januwale, ndipo chaka chilichonse ndikatsegula wailesi pa tsikuli ndimangomva za imfa ya Tuku ndi ya Hugh Masekela. Aphunzitsi anzanga amandiseka kuti ndinabadwa tsiku la minyama. Kodi palibe woimba amene anabadwa tsiku limeneli, kapena chabwino chilichonse chimene chinachitika pa nkhani ya zoimbaimba?"

Amayi, ndiyambe ndi kuvomera kuti anzanuwo ali ndi pogwira, ndipo akanadziwa zonse bwenzi akukusekani koposa, chifukwa akatswiri a nyimbo a kummwera kwa Africa amene anamwalira pa tsikuli si awiri ayi, koma atatu. Hugh Masekela anamwalira ku Johannesburg pa 23 Januwale 2018 ali ndi zaka 78, atadwala khansa kwa nthawi yaitali. Oliver Mtukudzi, amene ambiri amamutcha Tuku, anamutsatira pa 23 Januwale 2019 ku Harare ali ndi zaka 66. Ndipo pa 23 Januwale 2021 anamwalira Jonas Gwangwa ali ndi zaka 83, patangopita milungu yochepa chimwalirireni mkazi wake. Wachitatuyu mawailesi athu samutchula kawirikawiri, koma kwa ine ndiye amene amachititsa nthumanzi kwambiri, chifukwa iye ndi Masekela anali pa chinzake kuyambira ali anyamata.

Awiriwa anaphunzira pa sukulu ya St Peter's ku Johannesburg, kumene wansembe wa Anglican, Trevor Huddleston, anapezera Masekela lipenga lake loyamba ndi kusonkhanitsa ana asukulu kuti akhale gulu loimba. Gwangwa anatenga lipenga lalitali lija loimba mokoka ndi kukankha, lotchedwa trombone. Mbiri ya kagulu ka ana aka inafika m'makutu a Louis Armstrong, katswiri wa lipenga wa ku America, ndipo iye anatumiza lipenga lake kuti likaperekedwe kwa anyamatawo. Atakula, onse awiri anaimba m'gulu la Jazz Epistles pamodzi ndi Kippie Moeketsi ndi Dollar Brand, amene masiku ano amadziwika kuti Abdullah Ibrahim. Gululi silinakhalitse, pakuti apolisi atapha anthu 69 ku Sharpeville pa 21 Malichi 1960, boma la tsankho linakhwimitsa malamulo oletsa anthu kusonkhana, ndipo oimba ambiri anaona kuti kwawo kulibenso poimbira. Masekela anatuluka m'dzikomo chaka chomwecho ndipo anakhala kunja zaka 30. Gwangwa nayenso anatuluka, ndipo m'zaka za m'ma 1980 ankatsogolera Amandla, gulu la zisudzo ndi nyimbo la chipani cha ANC limene linkayenda m'maiko osiyanasiyana kufotokoza za nkhanza za kwawo. Choncho anthu awiri amene anayamba kuuzira malipenga pa sukulu imodzi, nathawa nkhanza imodzi, anadzatsikiranso kuli chete pa tsiku lofanana, mosiyana zaka zitatu zokha.

Kwa ife Amalawi, Masekela ali ndi malo akeake chifukwa cha nyimbo yake ya Stimela, yonena za sitima yamalasha imene inkanyamula amuna kupita nawo kumigodi ya golide ya ku Joni. Potchula maiko amene sitimayo inkachokera, Malawi amamutchula koyambirira kwenikweni. Agogo anga aamuna anapita ku Theba kawiri, ndipo anabwerako ndi sutikesi yachitsulo, mabulangete awiri, ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka imfa. Tsiku lina ndinawaikira nyimboyo pa kaseti. Chingerezi sankachimva, koma pamene Masekela anafika poyerekeza kulira kwa sitima ndi pakamwa pake, agogo anasiya kusoka mphasa, nakhala duu mpaka nyimbo inatha, kenako anangoti, "Ameneyu anaiona."

Za Mtukudzi sindichulutsa, pakuti palibe minibasi ya ku Lilongwe kapena ku Blantyre imene sinayambe yalizapo mawu ake osasa aja ndi kachifuwa kake kodziwika. Anabadwira ku Highfield, mu mzinda wa Harare, pa 22 Seputembala 1952, anatulutsa zimbale zopitirira 60, ndipo boma la Zimbabwe linamulemekeza ngati ngwazi ya dziko, ngakhale kuti anaikidwa kumudzi kwawo ku Madziwa. Iye ndi Masekela ankagwirizana kwambiri ndipo anaimbira limodzi kambirimbiri, n'chifukwa chake imfa yake itagwa pa tsiku lokumbukira mnzakeyo anthu anagwira pakamwa.

Nanga kodi zimenezi zikutanthauza kuti tsikuli lili ndi minyama? Ine ndikukana, ndipo popeza ndinu mphunzitsi ndikupemphani kuti muyesere nokha m'kalasi. Akatswiri a masamu anawerengera kalekale kuti mukasonkhanitsa anthu 23 okha m'chipinda, mwayi woti awiri mwa iwo ali ndi tsiku lobadwa lofanana umapitirira pang'ono theka, ndipo anthuwo akafika 60 zimakhala zosowa kwambiri kuti musawapeze awiri otero. Chaka chili ndi masiku 365 okha, pamene oimba otchuka amene anakhalapo ndi zikwizikwi, motero tsiku lililonse liyenera kusenza gawo lake la obadwa ndi omwalira. Sindikunena kuti za atatu aja n'zosadabwitsa, chifukwa n'zodabwitsadi kuti anthu odziwana chotero agwere tsiku limodzi. Koma pa masiku onse a chaka, lina linayenera kukhala ndi mulu wotere, ndipo mtima wa munthu umasunga zofananazo n'kuiwala zosiyana. Palibe amene amakumbutsa kuti Miriam Makeba, amene anakhalapo mkazi wa Masekela, anamwalira mu Novembala, kapena kuti Lucky Dube anaphedwa mu Okutobala.

Kunja kwa Africa, tsikuli linatenganso Paul Robeson mu 1976, mwini mawu a besi uja amene boma la America linamulanda pasipoti kwa zaka zisanu ndi zitatu chifukwa cha maganizo ake pa ndale, komanso Thomas A. Dorsey mu 1993, amene ambiri amamutcha tate wa nyimbo za gospel za anthu akuda a ku America, ndipo anafa atakalamba ndithu, ali ndi zaka 93. Tsopano tisiye maliro.

Munthu woyamba amene mungamutchule kwa anzanu aja ndi Django Reinhardt, amene anabadwa pa 23 Januwale 1910 ku Liberchies, m'dziko la Belgium, m'banja la mtundu wa Aromani, anthu amene ankakhala m'ngolo n'kumayendayenda. Anakulira m'mphepete mwa mzinda wa Paris, sukulu sanapite nayo patali, ndipo nyimbo zolembedwa pa pepala sankatha kuziwerenga, komabe asanafike zaka 18 anali atayamba kale kudya za banjo ndi gitala m'malo ovinira. Mu 1928 ngolo imene ankagonamo inapsa usiku. Anapulumuka, koma mwendo unapsa kwambiri moti madokotala ankafuna kuudula, iye n'kukana, ndipo kudzanja lamanzere, limene woimba gitala amapanira nalo nsambo, chala chaching'ono ndi choyandikana nacho zinapinimbira osagwiranso ntchito bwino.

Aliyense amene anagwirapo gitala, ngakhale ya chigubu ija tinkapanga tili ana, akudziwa kuti kutaya zala ziwiri pa zinayi ndiko kutha kwa ntchito. Reinhardt anatha chaka chathunthu ndi miyezi ina akudziphunzitsanso kuimba ndi chala cha mkombaphala ndi chapakati, ndipo ziwiri zopuwala zija ankangozigoneka pa nsambo zam'munsi pofuna kuliza mawu angapo pamodzi. Pa YouTube pali kanema wakale wamfupi amene amaonetsa dzanja lakelo pafupi, ndipo ine ndauonera kangapo ndikudabwa: zala ziwiri zikuthamanga kukwera ndi kutsika pa khosi la gitala mofulumira moti diso limalephera kuzitsata, pamene zinazo zangopindika pambali ngati si zake. Mu 1934 iye ndi woimba vayolini Stéphane Grappelli anayambitsa gulu la Quintette du Hot Club de France, la zida za nsambo zokhazokha, lopanda ng'oma kapena lipenga, ndipo ndi gulu limeneli limene linaonetsa kuti jazi ikhoza kukhala ndi kakomedwe ka ku Ulaya osangotengera za ku America. Mu 1946 anayenda ku America ndi gulu la Duke Ellington, ndipo anamwalira mu 1953 ali ndi zaka 43 zokha. Patapita zaka, mnyamata wina wa ku Birmingham, Tony Iommi, makina atamudula nsonga za zala ziwiri pa fakitale, anafuna kuisiya gitala, koma atamvetsera nyimbo za Reinhardt ndi kuuzidwa za dzanja lake analimba mtima, ndipo ndiye anadzakhala woimba gitala wa gulu la Black Sabbath.

Wina wa tsiku lanu ndi Anita Pointer, amene anabadwa mu 1948 ku Oakland, ku California, ndipo ankaimba ndi abale ake m'gulu la Pointer Sisters. Ana a m'busa amenewa anadabwitsa anthu pamene analandira mphoto ya Grammy mu 1975 pa nyimbo ya chamba cha country, chimene ambiri panthawiyo ankachiona ngati cha azungu okha.

Pa zochitika, pa 23 Januwale 1986 ku New York kunachitika mwambo woyamba wolowetsa oimba m'gulu laulemu la Rock and Roll Hall of Fame. Pa khumi oyambawo panali Chuck Berry, James Brown, Ray Charles, Fats Domino, Little Richard, Sam Cooke, Elvis Presley ndi Buddy Holly. Ndimaukonda mndandanda umenewu chifukwa asanu ndi mmodzi mwa khumiwo anali akuda, ndipo kunali kuvomereza poyera kumene chambachi chinachokera, ngakhale kuti ndalama zambiri zinali zitapita kale kwina.

Ndikuchenjezeni chimodzi ngati mudzafufuza masiku a anthu ena pa intaneti. Masiku omwalira ndi a zochitika amakhala odalirika, chifukwa manyuzipepala amalemba nthawi yomweyo, koma masiku obadwa a oimba akale, makamaka obadwira mu umphawi, amafunika kuwatenga mosamala. Ifenso tikudziwa mmene makolo athu ambiri amawerengera zaka zawo potengera njala ya 1949 kapena kubwera kwa dzombe, ndipo mmene ena anangosankhira tsiku pamene ankalembetsa ziphaso za unzika mu 2017. Louis Armstrong yemwe uja, amene anatumiza lipenga kwa ana a ku St Peter's, moyo wake wonse ankanena kuti anabadwa pa 4 Julayi 1900, tsiku la ufulu wa America, ndipo mawailesi ankamukondwerera pa tsikulo chaka ndi chaka. Anamwalira mu 1971, ndipo patapita zaka zoposa khumi wofufuza wina anapeza kaundula wa ubatizo ku tchalitchi china cha Katolika ku New Orleans, mmene munalembedwa kuti mwanayo anabadwa pa 4 Ogasiti 1901.