Ulendo woyamba wa ku Ulaya: chepetsani mizinda, gulani tikiti imodzi

Achemwali, ndawerenga funso lanu loti mukukonzekera tchuthi cha masiku 10 ku Ulaya, koyamba kupita kutsidya la nyanja, ndipo mukufuna kukaona Paris, Rome, Amsterdam ndi London. Mwafunsanso za mahotela ndi zovala, koma zimenezo ndisiyira ena. Ine ndiyankha za viza, matikiti a ndege ndi mzinda wa Rome, chifukwa ndi zomwe ndinadutsamo ndekha.

Mizinda inayi m'masiku 10 yachuluka. Amene akuuzani kuti n'zotheka akungowerenga maola amene ndege imakhala m'mwamba, aiwala kuti tsiku losamuka limathera m'kulongedza, kudikira pabwalo la ndege ndi kufufuza hotela yatsopano muli ndi sutikesi m'manja. Yambani n'kuchotsa London. Dziko la United Kingdom silili m'gulu la Schengen, la mayiko a ku Ulaya amene mumalowamo ndi viza imodzi, choncho ngati pasipoti yanu imafuna viza, mudzafunika ziwiri, iliyonse ndi mafomu ake ndi malipiro ake, komanso ndalama ya kumeneko ndi mapaundi, osati ma euro. Mukachotsanso Amsterdam n'kutsala ndi Rome ndi Paris, masiku asanu uku asanu uko, mudzabwerako mutaonadi malo.

Viza ya Schengen ya munthu wamkulu ndi ma euro 90, kuphatikizapo ndalama ina ya ofesi yolandira mafomu, ndipo akakukanani sakubwezerani. Mumapempha ku dziko limene mukagoneko masiku ambiri, ndipo masiku akafanana, mumapempha ku dziko limene mukayambire kulowa. Amalola kupereka mafomu kutatsala miyezi 6 kuti munyamuke. Yankho limatuluka pafupifupi m'masiku 15, koma nthawi zina limafika masiku 45, ndiye musadikire mwezi womaliza. Amafunanso inshulansi ya zaumoyo yosachepera ma euro 30,000, ndipo pasipoti yanu ikhale ndi masamba awiri opanda chidindo komanso ikhalebe yogwira ntchito miyezi itatu kuchokera tsiku lomwe mudzatuluke ku Ulaya.

Chimene ndikufuna mumvetsetse kwambiri ndi nkhani ya matikiti. Paulendo wanga woyamba ndinagula matikiti awiri osiyana, kumakampani awiri, chifukwa ndinaona kuti ndipulumutsa ma euro pafupifupi 150. Pakati pa ndege ziwirizo panali maola atatu, ndipo ndinkaganiza kuti ndi okwanira. Ndege yoyamba inachedwa ndi maola awiri. Nditatsika ndinayenera kuima pamzere wodinditsa pasipoti, kudikira sutikesi, kenako kuthamanga nayo kukailembetsanso, chifukwa katundu wa matikiti osiyana nthawi zambiri sadutsa yekha. Ndinafika pakauntala atatseka kale. Mayi amene anali pamenepo anayang'ana pakompyuta, n'kundiuza mwaulemu kuti kwa iwo ndine munthu amene sanabwere, ndipo kuchedwa kwa ndege ya kampani ina sikukuwakhudza. Chinandipweteka kwambiri n'chakuti ulendo wobwerera wa tikiti yomweyo nawonso unafufutika. Ndinagula tikiti ina ya ma euro opitirira 300, ndinagona pabenchi nditakulunga lamba wa chikwama padzanja, pamene chipinda chimene ndinali nditalipira kale chinagona chopanda munthu. Ndikanagula tikiti imodzi ya ulendo wonse, kampaniyo ikanandikweza ndege yotsatira popanda kulipiranso. Chonde gulani tikiti imodzi, ngakhale ikwere mtengo, ndipo mufufuze ngati dziko lomwe mukasinthire ndege limafuna viza yodutsira.

Chenjeraninso ndi ndege zotsika mtengo za pakati pa mizinda ya ku Ulaya. Mtengo umene mumauona poyamba suphatikiza sutikesi, ndipo zina zolembedwa kuti zikupita ku Paris zimatera ku Beauvais, mtunda wa makilomita oposa 80 kuchokera mumzindawo.

Tsopano za Rome, mzinda umene ndimaukonda kuposa yonse imene ndinafikako. Kuchokera pabwalo la ndege la Fiumicino pali sitima yotchedwa Leonardo Express, imene imafika pa siteshoni ya Termini m'mphindi pafupifupi 32, pamtengo wa ma euro 14 kapena kuposerapo pang'ono. Musamvere anthu okuitanirani galimoto m'kati mwa bwalo la ndege. Matikiti a Colosseum (bwalo lakale la masewera la Aroma), a ma euro pafupifupi 18, ndi a Vatican Museums (nyumba zoonetsera zinthu zakale ku Vatican), a ma euro 20 mpaka 25, muguliretu pa intaneti patsamba lenileni la malowo kutatsala masabata angapo, chifukwa masamba ena ooneka ngati enieni amagulitsa tikiti yomweyo pamtengo wowirikiza. Vatican Museums satsegula Lamlungu, kupatula Lamlungu lomaliza la mwezi, pamene amalowetsa ulere ndipo anthu amadzaza moti simungaone bwino kanthu. M'tchalitchi cha St Peter's mumalowa osalipira, koma mapewa ndi maondo akhale ophimbidwa, apo ayi akubwezani pakhomo mutaima kale pamzere ola lathunthu.

Ngati mungandimvere pa chinthu chimodzi chokha mumzindawu, pitani ku Pantheon m'mawa akangotsegula. Nyumbayi yakhalapo zaka pafupifupi 1,900, ndipo pakati pa denga lake lozungulira pali bowo lalikulu losatseka. Ine ndinalowa kukugwa mvula yowaza, ndipo ndinaima n'kumaonerera madontho akutsika m'kuwala kochokera pabowolo mpaka kugwera pansi, pomwe pali timabowo tochotsa madzi. Mu 2023 anayamba kulipiritsa ma euro 5, ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi zomwe mukaone. Mukatuluka, yendani wapansi kupita ku Piazza Navona, ndi pafupi. Nyamulani botolo lopanda kanthu, chifukwa m'misewu muli mipopi yachitsulo imene eni ake amaitcha nasoni, yotuluka madzi ozizira abwino kumwa, aulere.

Akuba a m'matumba alipo, makamaka pa Termini, m'sitima zapansi ndi mu basi nambala 64 yopita ku Vatican. Chikwama chikhale kutsogolo, foni isakhale m'thumba lakumbuyo, ndipo wina akafuna kukumangani kachibangili padzanja akuti ndi mphatso, kanani n'kupitiriza ulendo. Tikiti yapepala ya basi kapena ya sitima za m'madera muyenera kuidinda pamakina, basi mukangokwera, sitima musanakwere. Oyendera matikiti akakupezani simunadinde, chindapusa chake chimafika ma euro 50 kapena kuposa, ndipo kunena kuti ndinu mlendo sikuthandiza. Dziwaninso kuti mahotela amalipiritsa msonkho wa mzinda, ma euro angapo pa munthu usiku uliwonse, umene kawirikawiri suli mumtengo womwe munalipira pa intaneti.

Ku Paris ndingokukumbutsani kuti nyumba yoonetsera zinthu zakale ya Louvre imatseka Lachiwiri, ndipo tikiti yake, ngakhalenso ya Eiffel Tower, muguliretu ya ola lodziwika.

Musananyamuke dziwitsani banki yanu kuti mukupita kunja, kuopa kuti angatseke khadi poganiza kuti labedwa, ndipo makina olipirira akakufunsani ndalama yomwe mukufuna kulipirira, sankhani euro, chifukwa akasintha okha amakudulani zambiri. Mankhwala amene mumamwa, power bank, zovala za tsiku limodzi ndi makope a pasipoti, viza ndi inshulansi zikhale m'chikwama cholowa nacho m'ndege, osati mu sutikesi.