Musanasankhe pulogalamu yosungira zithunzi, yesani kaye kutulutsamo zomwe mwalemba

Achemwali, mwafunsa kuti ndi pulogalamu iti yomwe ingakuthandizeni kulemba kaundula wa zithunzi zanu zambirimbiri za zosema, nyumba zakale ndi zojambula pamanja, zomwe pano zili m'mafoda ndipo mndandanda wake uli mu Excel. Ambiri akuyankhani potchula mayina a mapulogalamu. Nanenso nditchula, koma chonde musayambire pa mayinawo. Pulogalamu iliyonse muyambe mwaifunsa kuti tsiku lomwe mudzafune kuisiya, zonse zomwe mwalembamo zidzatuluka bwanji.

Ndikunena izi chifukwa mapulogalamu amatha. Google inasiya pulogalamu yake ya zithunzi ya Picasa mu 2016, ndipo Apple inasiyanso yake ya Aperture. Pulogalamu ya iView MediaPro, yomwe osunga zithunzi ambiri ankaidalira, inagulidwa ndi Microsoft mu 2006 n'kupatsidwa dzina loti Expression Media, mu 2010 inapita m'manja mwa kampani ya Phase One, ndipo mu 2018 inathetsedwa. Zikatero zithunzi zimatsala, popeza ndi mafayilo. Chomwe chimatayika ndi thukuta la anthu: mayina a amisiri, zaka, malo, mawu ofufuzira, zonse zomwe wina anakhala miyezi akulemba chithunzi chimodzichimodzi. Ntchito imeneyo ndi yodula kuposa pulogalamu iliyonse yomwe mungagule. Choncho pa nthawi yoyesa, lowetsanimo zithunzi zingapo, lembani zonse, kenako muzitulutse ngati CSV kapena XML (mitundu ya mafayilo yomwe mapulogalamu ena amatha kuwerenga) ndipo mutsegule fayiloyo nokha. Onani ngati chosema cha amisiri awiri chatuluka ndi mayina onse awiri olekanitsidwa bwino. Onani ngati mzere uliwonse ukutchulabe dzina la fayilo ya chithunzi chake, komanso ngati zilembo monga ŵ, é ndi ñ zatuluka zili bwinobwino. Wogulitsa akangoti "zimatheka", mupempheni achite inu mukuona.

Nkhani yachiwiri ndi yomwe imalekanitsa pulogalamu ya wojambula ndi pulogalamu yoyenera ntchito ngati yanuyi, ndipo anthu ambiri amaizindikira mochedwa. Chinthu chojambulidwa ndi chithunzi chake ndi zinthu ziwiri zosiyana. Tiyerekeze kuti muli ndi chithunzi cha chosema chomwe mmisiri anasema cha m'ma 1920, wina anachijambula pa filimu mu 1975, ndipo inu munachisikana chaka chatha. Pamenepo pali anthu atatu ndi nthawi zitatu. Pulogalamu ikakhala ndi bokosi limodzi la wopanga ndi limodzi la deti, mulembamo ndani? Wolemba wina ayika mmisiri, wina ayika wojambula, ndipo pakapita zaka ziwiri palibe yemwe angakhulupirire kaundulayo. Vuto limeneli ndi lomwe VRA Core, ndondomeko ya bungwe la Visual Resources Association, inakonzedwera. Mtundu wake wa 4.0, wa mu 2007, umalemba padera chinthu chenichenicho, chithunzi chake, ndi gulu lomwe zilimo, n'kuzilumikiza. Phindu lake mudzaliona mukakhala ndi zithunzi makumi anayi za nyumba imodzi kenako n'kupeza kuti chaka chomwe inamangidwa chinalembedwa molakwika. Mu pulogalamu yabwino mukonza pamalo amodzi basi. Mu ina mukonza maulendo makumi anayi, ndipo china muchiphonya ndithu.

Dublin Core, ndondomeko ina yolembera kaundula yomwe inayambira pa msonkhano wa ku Dublin, Ohio mu 1995, ili ndi magawo olembamo 15 okha. Ndi yabwino posinthana kaundula ndi mabungwe ena, koma payokha imachepa pa ntchito ya zosema ndi zomangamanga. Pulogalamu ikati imatsatira Dublin Core, funsani ngati mungawonjezere magawo anu komanso ngati owonjezerawo amatuluka nawo mu fayilo ija ya CSV kapena XML.

Muonenso momwe imasungira mawu ofufuzira. Anthu atatu akamalemba momwe aliyense akufunira, wina alemba chosema, wina chiboliboli, wina fano, ndipo wofufuza apeza gawo limodzi lokha n'kuganiza kuti ndi zonse. Pulogalamu yoyenera imakulolani kukhala ndi mndandanda wa mawu ogwirizana woti wolemba azisankhapo, wokhala ndi mawu ofanana tanthauzo, kotero kuti wofufuza akalemba lililonse mwa atatuwo apeze zonse. Bungwe la za luso la ku America la Getty lili ndi mindandanda yotere yomwe mabungwe ambiri amagwiritsa ntchito: AAT ya mitundu ya zinthu ndi zipangizo, ULAN ya mayina a amisiri, ndi TGN ya malo. Simudzapezamo zonse zomwe mukufuna, makamaka pa amisiri osatchuka, n'chifukwa chake pulogalamuyo iyenera kulola kuti muwonjezere zanu. Pa madeti musagonje ngakhale pang'ono. Zinthu zakale zambiri zimadziwika kuti ndi za "cha m'ma 1930" kapena "pakati pa 1890 ndi 1910". Pulogalamu yokakamiza tsiku, mwezi ndi chaka imapangitsa olemba kupeka, ndipo mudzangoona zithunzi mazana zili pa 1 January.

Pali zina zomwe zimalembedwa mkati mwa fayilo ya chithunzi momwemo. Zimenezi zili m'mitundu ingapo: EXIF imalembedwa ndi kamera, pomwe IPTC ndi XMP zimasunga zomwe munthu walemba, monga mutu, mwini chithunzi ndi mawu ofufuzira. Pulogalamu yomwe imatha kulemba zimenezi mufayilo imakutetezani kawiri, chifukwa chithunzi chikachoka mu database (nkhokwe ya pulogalamuyo) chimapita ndi mbiri yake. Mwachitsanzo, Lightroom, pulogalamu ya zithunzi ya Adobe, imasunga zambiri m'kaundula wakewake pokhapokha mutaiuza kuti izilembanso mu XMP. Kuti mutsimikize, tsegulani fayiloyo ndi pulogalamu ya ExifTool, yomwe ndi yaulere, muone zomwe zalowadi.

Tsopano mayina. Ngati wolemba ndi mmodzi pa kompyuta imodzi, digiKam ndi yaulere ndipo imalemba bwino IPTC ndi XMP, pomwe Tropy inapangidwira ofufuza omwe amajambula zikalata zakale. Koma inu mwati mulipo angapo, ndiye mukufunika pulogalamu yokhala pa seva, kompyuta yomwe nonse mungaifikire kudzera pa netiweki. Omeka, yomwe inatuluka ku George Mason University mu 2008, imachita bwino poonetsa zinthu kwa anthu pa intaneti, ndipo mtundu wake wa Omeka S umalola kulumikiza chinthu ndi chinzake. ResourceSpace, yomwe inayamba ngati pulogalamu ya bungwe la Oxfam, imathandiza kwambiri pamene vuto lalikulu ndi kugawana mafayilo ndi kusankha amene aloledwe kuwatenga. Pa kaundula wa zosema ndi nyumba, ine ndingayambe kuyesa CollectiveAccess, chifukwa imalekanitsa zinthu, anthu, malo ndi zithunzi ndipo mungaisinthe momwe mukufunira. Kuikhazikitsa n'kovuta, ndisakubisireni. Ndipo iliyonse mwa mapulogalamu atatuwa, ngakhale ndi yaulere, imafunabe seva ndi munthu woisamalira chaka ndi chaka. Ngati munthu wotero mulibe, kulipira kampani yoti izikusungirani kungakhale kwanzeru, bola mgwirizano unene poyera kuti pochoka mudzalandira zithunzi zanu zoyambirira pamodzi ndi kaundula yense, komanso pa mtengo wanji.

Zina ndingozitchula mwachidule. Pakhale malo olembapo mwini chithunzi ndi zomwe amalola, komanso njira yobisira zithunzi zomwe si aliyense ayenera kuona. Pulogalamu isakhudze fayilo yanu yaikulu ya TIFF, izingopanga ma JPEG ang'onoang'ono oonera. Izitha kukonza zithunzi zambiri nthawi imodzi, ndi kuonetsa amene wasintha chinthu ndi tsiku lomwe wasintha. Mafayilo aakuluwo muwasungenso kwina, pamalo osachepera awiri, chifukwa database si malo obisalirapo ngozi ikagwa. Za AI yomata mawu pa zithunzi zisakukopeni kwambiri: ingazindikire kuti pali nyumba ndi mtengo, koma singakuuzeni amene anamanga nyumbayo.

Poyesa musatenge zithunzi zosavuta. Sankhani pafupifupi 50 zomwe zimakuzunguzani mutu: chosadziwika mmisiri wake, chokhala ndi mayina awiri, nyumba yomwe inamangidwanso itagwa, chithunzi chomwe muli zinthu zitatu. Apatseni anzanu omwe sazolowera kompyuta kuti alembe, kenako mphunzitsi kapena wofufuza yemwe sanaone ntchitoyo afunefune chithunzi china popanda womuthandiza. Akasochera, lembani pomwe wasocherera, ndipo muchite chimodzimodzi ndi pulogalamu yachiwiri ndi yachitatu. Pakadali pano Excel yanuyo musaitaye. Chithunzi chilichonse chipatseni nambala yakeyake yosasintha yomwe ilinso m'dzina la fayilo, ndipo mu Excelmo ndime (column) iliyonse ikhale ndi mtundu umodzi wa uthenga, zaka pazokha, malo paokha. Mukatiuza chiwerengero cha olemba komanso ngati muli ndi wosamalira seva, tingakuthandizeni kuchepetsa mndandandawu kuti mutsale ndi awiri oti muyese.