Kodi chivomerezi chingagwetse nyumba ku Kasungu?

FUNSO: Ndikumanga nyumba ya njerwa zootcha ku Santhe, m'boma la Kasungu. Mmisiri wanga akuti ndigule zitsulo ndi simenti yowonjezera poopa chivomerezi, koma abale anga akuti kumeneko ndi kutaya ndalama chifukwa zivomerezi ndi za ku Karonga. Kodi akatswiri a boma amati chiyani?
Wowerenga wa ku Santhe

YANKHO: Bambo, mverani mmisiri wanuyo. Nyanja ya Malawi ili m'chigwa chachikulu chimene chinapangika chifukwa chakuti nthaka ya kum'mawa kwa Africa ikung'ambika pang'onopang'ono, ndipo miyala ya pansi ikatsetsereka m'ming'alu imeneyi, dziko limagwedezeka. N'zoona kuti Kasungu ili kumtunda, kutali pang'ono ndi ming'alu ikuluikulu ya m'mbali mwa nyanja, koma musaiwale kuti boma lanu linachita malire ndi Nkhotakota, ndipo kugwedezeka kumayenda mtunda wautali pansi pa nthaka.

Abale anu akukumbukira za ku Karonga, kumene mu Disembala 2009 kunachitika zivomerezi zotsatizana, chachikulu cha pa 19 Disembala chili ndi mphamvu ya pafupifupi 6 pa sikelo yoyezera. Koma m'chigawo chanu chomwecho chapakati, pa 10 Malichi 1989, chivomerezi cha ku Salima chinapha anthu 9 ndi kusiya anthu zikwizikwi opanda pogona.

Nthambi ya boma yofufuza za miyala ndi nthaka, imene likulu lake lili ku Zomba, ili ndi makina ojambula kugwedezeka kwa dziko, ndipo zimene amajambulazo zimathandiza kudziwa madera amene ali pachiopsezo chachikulu. Makinawo salosera tsiku, ndipo palibe katswiri padziko lapansi amene angatchule tsiku limene chivomerezi chidzabwere. Phindu la kafukufukuyu lili pa kamangidwe, n'chifukwa chake ngozi ya ku Karonga itachitika boma linatulutsa malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba.

Nyumba zambiri zimene zinagumuka zinali za njerwa zomangidwa ndi matope, zopanda chomanga makoma onse pamodzi. Nthaka ikagwedezeka, khoma lililonse limayenda palokha, m'makona mumang'ambika kuchokera kudenga kutsika pansi, ndipo khoma losongoka la m'mbali, lomwe limakwera mpaka pamsonga pa denga, kawirikawiri ndilo limayamba kugwa. Zimandiwawa kuona munthu atagulitsa fodya wa chaka chonse n'kugula malata okongola, koma n'kumana nyumbayo matumba ochepa a simenti.

Choncho musadumphe lamba wa konkire wokhala ndi zitsulo wozungulira nyumba yonse pamwamba pa mawindo ndi zitseko, amene amisiri amamutcha ring beam. Onetsetsani kuti njerwa za m'makona zalumana bwino, mawindo sanayandikire kwambiri kona, ndipo mitengo ya denga yamangiriridwa zolimba ku lambayo ndi waya. Ngati ndalama zachepa, pulasitala ndi penti zidikire chaka chamawa, chifukwa lambayo ndi wovuta kumuika denga litakwera kale.