Apereke kwa aliyense basi, zolembana mayinazi zinatiliza

Achimwene ena afunsa za nkhani yoti boma lizipatsa anthu ndalama. Ine ndiye ndikuti boma lizipereka ndalama kwa aliyense mwezi ndi mwezi, wosauka ndi wolemera yemwe, popanda zosankhana. Inu amene mukuti ndalama zaulere zibweretsa ulesi, mwina simunaonepo mayi anu akubwerera kunyumba chimanjamanja.

Namondwe wa Freddy atawononga kwathu ku Phalombe mu 2023, kunabwera thandizo la ufa ndi ndalama. Olemba mayina anali a komiti ya m'mudzi momwemo. Mayi anga ndi amasiye, akulera ana a malemu achemwali anga, khoma la nyumba linali litagwa, chimanga chonse chitapita ndi madzi. Tsiku lolandira analawirira, anabwereka thumba kwa aneba, n'kukakhala pansi pabwalo la sukulu, kamdzukulu kali kumbuyo. Mayina kuitana mpaka dzuwa kupendeka, lawo osamveka. Atadzuka kukafunsa, wapampando anawayankha pagulu kuti, "Inu muli ndi mwana ku tauni, akutumizireni." Anthu ena n'kuseka. Mwana wa ku tauniyo ndine, wogulitsa kaunjika ku Limbe, amene mwezi umenewo ngakhale lendi inali itandikanika. Usiku anandiimbira pa foni ya eni, mawu ali pansipansi, akuti "mwanangu usade nkhawa, ana adya ndiwo zokha agona." Thumba lija anakabweza kwa mwini wake lili lopinda momwe analitengera.

Koma wapampando ameneyo! Alamu ake analandira, mkazi wake wachiwiri analandira, mpaka mwini golosale amene nyumba yake sinagwe ndi njerwa imodzi yomwe. Lamulungu n'kumakhala mpando wakutsogolo m'tchalitchi. Mpaka pano ndikamuona mtima umandiwira.

Vuto ndi cholembera chimenechi. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, amatenga mabanja pafupifupi 10 pa 100 aliwonse. Enawo ndi olemera? Kumudzi tonse timadya kamodzi ikafika Januwale, ndiye ukapatsa munthu mmodzi mphamvu yosankha, wamupatsa ufumu. Kumudzi wa Otjivero ku Namibia anayesa zopereka kwa aliyense mu 2008, aliyense wosakwana zaka 60 ankalandira madola 100 a kumeneko pamwezi, palibe wopempha chifundo kwa mnzake. Ku Kenya a bungwe la GiveDirectly akupereka ndalama kwa munthu wamkulu aliyense m'midzi ina kwa zaka 12, ndipo ofufuza anapeza kuti anthu sanasiye kugwira ntchito, ambiri anatsegula timabizinesi. Zoti ndalama zichokera kuti, funso limenelo ndi loona, sindikukana. Komanso zizikwera limodzi ndi mitengo, chifukwa kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndalama imene inkagula thumba la chimanga inasanduka ya sopo.

Tsono achimwene amene mwafunsa, zimenezi sizibwera mawa. Mukamva kuti kwanu akulemba mayina, uzani makolo akhale pafupi ndi a komiti, aziwapatsa moni bwinobwino, ndipo za mwana wa ku tauni asamatchule n'komwe. Ndalamazo zikadzabwera zizilowa pa foni ya amayi. Azibambo ena ndimawadziwa, akangolandira ulendo wa ku kachasu, amenewo ndiye asamapatsidwe m'manja.