Yankho kwa amalume pa nkhani ya Bluetooth m'galimoto yawo ya Allion

Amalume, ndamva uthenga umene munaika pa gulu lathuli wofunsa ngati n'zotheka kumvera nyimbo za m'foni yanu pa masipika a Toyota Allion yanu ya 2005 popanda kulumikiza nthambo, komanso popanda kuchotsa wailesi imene inabwera ndi galimotoyo kuchokera ku Japan. N'zotheka ndithu, ndipo palibe chifukwa chogulira wailesi ina. Koma njira imene ambiri amathamangira ndi imene imavuta kwambiri pa magalimoto a ku Japan, choncho ndiyamba kufotokoza imeneyo.

Njirayo ndi ya kachipangizo kotchedwa FM transmitter, kamene amakalowetsa pa soketi ya laita ya fodya. Kamalandira nyimbo kuchokera ku foni kudzera pa Bluetooth n'kuziulutsa pa FM, ndipo wailesi ya m'galimoto imazigwira monga momwe imagwirira siteshoni ina iliyonse. Vuto ndi lakuti mawailesi a ku Japan a zaka zimenezo amagwira FM kuyambira pa 76 kulekeza pa 90 MHz, pamene tizipangizoti nthawi zambiri timayambira pa 87.5 mpaka 108, kumene kumaulutsira masiteshoni a kuno kwathu. Ziwirizi zimangokumana pa kampata ka pakati pa 87.5 ndi 90, ndipo m'kampata kameneka muyenera kupezamo nambala yopanda siteshoni. Mukhoza kuipeza muli mu Lilongwe, koma pofika ku Dedza kapena ku Ntcheu pa msewu wa M1 n'kupeza kuti pa nambala yomweyo pakumveka siteshoni ina, kwaya yanu n'kuyamba kulimbana ndi wowerenga nkhani. Ngakhale pamene palibe chosokoneza, mawu a njira imeneyi amakhala ofooka ndiponso samasowa kaphokoso ka shii kumbuyo.

Palinso chinthu china chimene chimasokoneza anthu. Ngati wailesi yanu imagwira masiteshoni ambiri a kuno, ndiye kuti wina anaikamo kale band expander pa nthambo ya eriyo, imene imatsitsa manambala kuti akwane mu wailesi ya ku Japan. Zikatero nambala ya pa transmitter siifanana ndi ya pa wailesi. Mwachitsanzo, ngati band expander yanu imatsitsa ndi 14, transmitter ikakhala pa 100 inu muisake pa 86, apo ayi mudzabweza ku sitolo chipangizo chabwinobwino poganiza kuti ndi chakufa.

Chimene ine ndingasankhe ndi kudutsira kumbuyo kwa wailesi. Mawailesi ambiri a Toyota a nthawi imeneyo ali ndi soketi kumbuyo imene inapangidwa kuti pazilumikizidwa CD changer, bokosi lija lonyamula ma CD angapo, ndipo kawirikawiri soketiyi imangokhala yopanda kanthu. Pali ma adaputa a Bluetooth, monga a Yatour ndi GROM, amene amalowa pa soketi imeneyi n'kuchititsa wailesi kuona ngati palumikizidwa CD changer. Mukadina batani lolembedwa DISC kapena CD, nyimbo za m'foni zimalowa mwachindunji osadutsanso pa FM, ndipo pa mawailesi ambiri batani losinthira nyimbo limagwira ntchito pa foni. Musagule musanaone soketi yanu, chifukwa Toyota inagwiritsa ntchito mitundu iwiri, wina wa mapini 5 ndi 7, wina wa mapini 6 ndi 6, ndipo pulagi ya mtundu wina siilowa pa unzake. Muonetsetsenso kuti adaputayo yalembedwa A2DP, chifukwa ndi imene imanyamula nyimbo, pamene ina imangothandiza kuyankha foni basi. Mtengo wake ndi wokwererapo kuposa wa transmitter, koma mumalipira kamodzi n'kuiwala.

Ntchito yoika si yaikulu, komabe ndingakonde kuti aigwire munthu wodziwa zamagetsi a galimoto. Mapulasitiki a pa dashibodi ya galimoto ya zaka zimenezi anauma kale ndi dzuwa, ndipo munthu akawatokosa ndi sikuludiraiva timano take timathyoka, pambuyo pake dashibodi imangogogoda mukadutsa m'mabampu. Chofunika kwambiri ndi chakuti asachotse batire kapena kuzula pulagi ya moto ya wailesi musanatsimikize chinthu chimodzi. Ngati wailesi yanu ndi ija yokhala ndi sikirini ndi mapu a ku Japan, ambiri mwa mawailesi amenewa akazimitsidwa moto amadzuka akufunsa disiki yake ya mapu kapena nambala yachinsinsi m'Chijapani, ndipo ngati mulibe, wailesi yonse imangoti zii. Disikiyo ikakhala kuti ilimo m'kati, muisiye momwemo.

Mukaika, muyese injini ikulira. Mukamva kamluzi kamene kamakwera mukaponda mafuta n'kutsika mukasiya, masipika sanawonongeke ayi, koma ndi phokoso la magetsi lochokera ku alternator, chipangizo chimene chimatchaja batire injini ikamalira. Limapezeka makamaka pa tizipangizo ta Bluetooth timene timatenga moto pa laita koma mawu n'kulowera pa bowo la AUX, ndipo kachipangizo kotchipa kotchedwa ground loop isolator kamalithetsa. Ndatchula AUX chifukwa wailesi yanu ikapezeka kuti ili ndi bowo limeneli, la mamilimita 3.5, zonse za kumbuyo zija n'zosafunika, mungogula kachipangizo kolandira Bluetooth n'kulowetsa pamenepo.

Munafunsanso ngati izi zizikudyerani bandulo. Bluetooth payokha siidya bandulo, ndipo imafika mamita pafupifupi 10 ngakhale kumene kulibe netiweki. Chimene chimadya ndi kumvera nyimbo mwachindunji pa YouTube kapena Spotify, choncho nyimbo za pa ulendo muziziika m'foni musananyamuke.

Pakadali pano musagule kanthu. Mundijambulire chithunzi cha kutsogolo kwa wailesiyo kuti mabatani ndi nambala yake zioneke bwino, ndipo mundiuzenso ngati imagwira masiteshoni monga Zodiak ndi MBC, kuti ndikuuzeni adaputa yoyenera kuitanitsa.