Musanagule smart TV, unikani kaye kumbuyo kwa TV yanuyo

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga bwinobwino. Mwati muli ndi laputopu yodzaza mafilimu, nyimbo za kwaya ndi vidiyo ya ukwati wanu, koma banja lonse limachita kupanikizana pa kasikirini kakang'ono pomwe TV yangokhala pabalaza, ndiye wina wakuuzani kuti mugule smart TV. Ndalama imeneyo isungeni kaye. Yatsani tochi ya pafoni, musunthe TV pang'ono, muunike kumbuyo ndi m'mbali mwake kuti muone mabowo amene alipo. Mukatero muunikenso m'mbali mwa laputopu. Zoti mugule zidziwika pamenepo, ndipo nthawi zambiri chimakhala chingwe chimodzi basi.

Mukapeza bowo lolembedwa HDMI mbali zonse ziwiri, ndiye kuti mwaphula. Chingwe cha HDMI chimanyamula chithunzi ndi mawu pamodzi, sichifuna intaneti, sichifuna bandulo, ndipo chilichonse chimene laputopu ingasewere chioneka pa TV. Lumikizani, kenako pa rimoti mudine Source kapena Input, musankhe HDMI 1 kapena HDMI 2 malingana ndi bowo limene mwalowetsamo. Pa laputopu ya Windows dinani batani la Windows pamodzi ndi P. Mukasankha Duplicate, zimene zili pa laputopu ndi zomwezo zioneke pa TV. Ine ndimakonda Extend, chifukwa ana amaonera makatuni awo pa TV ine ndikulemba za kuntchito pa laputopu yomweyo, palibe wosokoneza mnzake.

Pali tinthu tiwiri timene timapangitsa anthu kubweza chingwe chabwinobwino kushopu. Koyamba, chithunzi chimaoneka pa TV koma mawu akutulukabe m'timasipika ta laputopu. Chingwe sichinalakwe. Dinani kachizindikiro ka sipika pakona yakumunsi, musankhe dzina la TV pa mndandanda wa zotulutsira mawu. Kachiwiri, m'mphepete mwa chithunzi mumadulidwa, mpaka mawu olembedwa m'munsi mwa filimu osaoneka bwino. Zimenezo konzerani pa TV, pa makonzedwe a kukula kwa chithunzi. Pa LG amati Just Scan, pa Samsung amati Screen Fit kapena Fit to Screen, ma TV ena amangolemba Full kapena PC.

Pogula chingwecho musatengeke ndi ogulitsa akamati ichi nchagolide, chimatulutsa chithunzi chowala kuposa chinacho. Pa TV wamba ya pabalaza, chingwe chotchipa chimene chikugwira ntchito chimaonetsa chimodzimodzi ndi chodula. Chimene muyenera kuyang'ana ndi kutalika ndi kulimba kwa mitu yake. Cha mamita 3 kapena 5 chimakwana nyumba zathu zambiri. Zotchipa zikapitirira mamita 10 zimayamba kuphethira, chithunzi kumabwera nkumachoka. Nyamulani laputopu popita, akayesere pomwepo inu mukuona.

Mwa malaputopu amene timagula ogwiritsidwa kale ntchito, aja ochokera m'maofesi akunja a Dell, HP ndi Lenovo, ena alibe HDMI. Ali ndi bowo la VGA, lija la timabowo 15, nthawi zambiri labuluu kapena lakuda. Ngati TV yanu ilinso ndi VGA, zitheka, kungoti VGA imanyamula chithunzi chokha. Mawu mutenge ndi kachingwe kena kuchokera polowetsa mahedifoni kupita pa bowo la PC Audio la TV, kapena kungolunjika ku sabuwufa, komwe mawu amamveka bwino kuposa a TV. Ngati TV ili ndi HDMI yokha, pakufunika kabokosi kosinthira, ndipo apa mutchere khutu: timabokosi timeneti timayenda njira imodzi. Ka VGA kupita ku HDMI ndi kosiyana ndi ka HDMI kupita ku VGA, ngakhale timafanana maonekedwe. Muuzeni wogulitsa momveka kuti chithunzi chikuchokera ku laputopu ya VGA, chikupita ku TV ya HDMI. Laputopu ikakhala ndi DisplayPort, kaya yaikulu kaya yaing'ono, kaadaputa kake kopita ku HDMI kamapezekanso ndipo kamanyamula ndi mawu omwe pa malaputopu ambiri.

Tsopano njira imene ine ndimagwiritsa ntchito kwambiri kunyumba, chifukwa laputopu ndimapita nayo kuntchito: fulashi. Ma TV ambiri afulati, ngakhale osakhala smart, ali ndi bowo la USB ndipo amasewera okha mavidiyo. Mumakopera mafilimu mu fulashi, kubaya ku TV, kusankha USB kapena Media pa rimoti, basi. Amayi akunyumba ndi ana atha kuonera inu kulibe, ndipo rimoti imagwira ntchito yake yonse, kuimitsa, kubwezera, kudumphitsa. TV ikakhala yopanda USB, yang'anani DVD player kapena kadekoda kamene kali m'nyumbamo, zambiri zili nalo bowolo ndipo zina zimasewera mavidiyo.

Kungoti fulashi ili ndi mikhalidwe yake, ndipo apa ndi pamene anthu amagwa ulesi. Mafulashi ambiri amabwera atakonzedwa mwa FAT32, ndipo FAT32 siilola fayilo imodzi yopitirira 4GB. Ndiye mumaona fulashi ya 32GB yopanda kanthu ikukana vidiyo ya ukwati ya 6GB, inu nkumadabwa. Mankhwala ake ndi kuifomata kukhala NTFS, imene ma TV ambiri amawerenga, kapena exFAT ngati TV yanu ndi yatsopanoko. Kumbukirani kuti kufomata kumafufuta zonse, choncho sungani kaye zam'katimo pa laputopu.

Vuto lina ndi loti TV imaiona fayilo koma nkulemba kuti siingathe kuisewera, kapena chithunzi chikuyenda koma mawu zii. Chifukwa chake nchakuti dzina loti MP4 kapena MKV ndi thumba chabe, TV imayang'ana mmene vidiyo ya m'thumbamo inapanikizidwira. Ma TV akale amamva H.264, imene pa dzina la fayilo amailembanso x264. Mukaona x265 kapena HEVC, ambiri akale amakana. Mawu a mtundu wa DTS nawonso ma TV ambiri sawatulutsa. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa HandBrake: mumaikamo fayilo ija, kusankha Fast 720p30, nkuisiya isinthe. Imatulutsa MP4 ya H.264 ndi mawu a AAC, zimene pafupifupi TV iliyonse ya USB imalandira, ndipo fayilo imachepa kukula. Pa laputopu yakale imatenga nthawi, ndiye ndimaiyambitsa madzulo tikamadya nsima. Ngati filimu ili ndi kafayilo ka mawu olembedwa kothera ndi srt, kapatseni dzina lofanana ndendende ndi la filimuyo, zikhale mu foda imodzi.

Chonde, vidiyo ya ukwati wanuyo isakhale mu fulashi mokha. Ine ndinagulapo fulashi ya pamsewu yolembedwa 128GB pamtengo wokoma. Ndinakoperamo mavidiyo a chinkhoswe cha mlongo wanga, kompyuta nkuonetsa kuti zonse zalowa. Tsiku loonera, achibale atadzaza pabalaza, mafayilo oyambirira okha ndi amene anatseguka, ena onse anali mayina opanda kanthu. Mkati mwake munali malo ochepa kwambiri, nambala ija inali yabodza. Mwayi wake ndinali ndisanafufute za pa laputopu. Fulashi yatsopano muziidzaza kaye mpaka pakamwa, kenako mutsegule mafayilo omalizira kuona ngati akusewera. Bola ya 32GB yeniyeni ya m'shopu yodziwika.

Mwina TV yanu ndi ija yachimsana, ya mabowo atatu, lachikasu, loyera ndi lofiira. Imeneyonso musaitaye. Pali kabokosi kakang'ono kolembedwa HDMI to AV, ena amalemba HDMI2AV. Mbali imodzi mumalowetsa HDMI yochokera ku laputopu, mbali inayo zingwe zitatu zija: chachikasu ndi chithunzi, choyera ndi chofiira ndi mawu. Kamafuna moto wa USB, ndiye chaja ya foni imakwana. Pambali pake pali kaswitchi kolembedwa PAL ndi NTSC. Kuno kwathu ikani pa PAL, mukapanda kutero chithunzi chitha kutuluka chopanda mtundu kapena chogudubuzika. Zilembo za pakompyuta zimaoneka mwachimbuuzi pa TV yotere, koma mafilimu amaoneka bwino ndithu.

Kabokosi kameneka ndimakalemekeza chifukwa cha zimene ndinaona kumudzi. Mchimwene wanga amakhala ku Johannesburg, ndipo anatumiza pa WhatsApp mavidiyo a mwana wake akuyamba kuyenda. Mayi athu maso anayamba kuvuta, pafoni ankangoona zithunzithunzi. Ndinakopera mavidiyo aja pa laputopu, nkulumikiza ku TV yawo yakale ija imene imakhala yovundikiridwa ndi kansalu koluka. Mwana atangooneka akudzandira kulunjika ku kamera, mayi anasuntha mpando mpaka pafupi ndi galasi, nkuyamba kumuitana ndi dzina, manja atatambasula. Anati ndibwereze, ndinabwereza kasanu. Aneba anabwera, ena anaonera pawindo. Zonsezo ndi kabokosi kokwana m'dzanja ndi TV imene ena akanati ndi yotha ntchito.

Za njira zopanda zingwe ndinene mosabisa: nzokoma, koma si zimene ndingakuyambitsireni. Pali timadongo (dongle, tizipangizo tooneka ngati fulashi) totchipa tobaya ku HDMI, tambiri timalembedwa AnyCast, timene timagwiritsa ntchito Miracast, njira yotumizira chithunzi ku TV popanda chingwe. Pa Windows mumadina batani la Windows ndi K, nkusankha dzina lake. Kuonetsa zimene zili kale mu laputopu kapena mufoni sikudya bandulo, chifukwa zipangizozo zimalumikizana zokha. Koma chithunzi chimachedwerako, nthawi zina chimaima, mawu nkutsogola milomo ikutsalira. Pa zithunzi ndi timavidiyo tatifupi zili bwino, pa filimu ya maola awiri zimatopetsa. Mapulogalamu ngati Netflix kawirikawiri amangoonetsa mdima mukawadutsitsa pa timadongo totere, chifukwa cha chitetezo chimene anaika. Chromecast ya Google, imene inatuluka mu 2013, imagwira bwino koma imafuna Wi-Fi ya m'nyumba, ndipo Google inasiya kuipanga mu 2024, ndiye zimene mungapeze ndi zotsalira kapena zogwiritsidwa kale ntchito.

Ena mu gulu lino akuti gulani Android box. Bokosilo limasandutsadi TV wamba kukhala ngati smart TV pamtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi TV yatsopano, ndipo mukaikamo pulogalamu yosewerera mavidiyo ya VLC kapena Kodi limasewera kuchokera mu fulashi mafayilo ambiri aja TV imakana, a x265 omwe. Pa ntchito imeneyo ndi labwino, bola likhale ndi RAM yosachepera 2GB. Chimene sakuuzani pogulitsa nchakuti mtengo weniweni suli pa bokosi, uli pa bandulo. Netflix imanena yokha kuti ola limodzi limatha kudya mpaka 1GB pa chithunzi wamba, ndi mpaka 3GB pa HD. Filimu imodzi ya maola awiri pa HD itha kufika 6GB. Werengerani nokha ndi mitengo ya mabandulo a Airtel kapena TNM, muone ngati banja lingamaonere choncho tsiku ndi tsiku. Mukakhala pa YouTube, tsitsani chithunzi kufika pa 480p, pa TV ya mainchesi 32 mutakhala pa sofa chimaonekabe bwino. Ndipo mabokosi aja amati muli matchanelo onse a mpira aulere mpaka kalekale, asiyeni. Amadalira intaneti yomweyo, mapulogalamu ake amafa pakapita miyezi, ndipo akatswiri a chitetezo cha makompyuta anapezapo mavairasi oikidwiratu m'mabokosi ena opanda dzina lodziwika. Bokosi lotero musalowetsemo akaunti yanu ya Google.

Wina mu gulu lino wafunsa za kulumikiza foni ku TV ndi chingwe cha USB-C kupita ku HDMI. Chimagwira pa mafoni okhawo amene bowo lawo linapangidwa kuti lizitulutsa chithunzi, monga ma Samsung Galaxy S ambiri. Mafoni otsika mtengo amene ambirife tili nawo satero, ngakhale bowo likuoneka lofanana. Osagula musanayese pa foni yanu yomweyo.

Chinthu china chimene chinandipweteka ine ndi mphenzi. Dzinja lina mvula ya ziphaliwali inagwa laputopu ili yolumikizidwa ku TV, ndipo kutacha bowo limodzi la HDMI linali litafa, mpaka lero ndimagwiritsa ntchito lachiwiri. Kukayamba kugunda, zulani chingwe cha HDMI, cha eriyo ndi pulagi ya kukhoma. Gulaninso TV guard, ija imachedwetsa moto kwa kanthawi magetsi akangobwera. Pobaya kapena pozula HDMI, gwirani mutu wake, osakoka chingwe, chifukwa kukonzetsa bowo lothyoka kumadula kuposa chingwecho kangapo. Ngati laputopu izikhala pansi pa TV nthawi yaitali, isakhale pa kansalu kapena pa khushoni, imafuna mpweya kunsi kwake. Mbewa yopanda chingwe ikuthandizani kuimitsa filimu muli pampando.

Jambulani kumbuyo kwa TV yanuyo, mabowo onse aoneke pamodzi ndi kapepala kolembedwa nambala ya modelo, mujambulenso mbali zonse ziwiri za laputopu, muponye zithunzizo pansi pa ndemanga ino. Ndikaziona ndikuuzani dzina lenileni la chingwe kapena kabokosi koti mukatchule kushopu.