Mafunso ndi Mayankho: Ahedi, Lowani M'kalasi

FUNSO: Ndangokwezedwa kumene kukhala hedi pa pulayimale ina. Lolemba lililonse ndimasaina ma lesson plan a aphunzitsi onse, ndipo papepala zonse zili bwino, koma ana ambiri a Giredi 4 sakutha kuwerenga. Ndiyambire pati? — Hedi, Katete

YANKHO: Ahedi, siginecha yanu imangotsimikiza kuti mphunzitsi analemba, siikuuzani zimene mwana watola. Patulani mapiriyodi awiri pa sabata oti muzikhala m'kalasi, muwalembe pa timetable yanu, ndipo mlendo akabwera nthawi imeneyo adikire. Mphunzitsi muzimuuziratu dzulo lake. Mukamudzidzimutsa amachita mantha, ndiye zomwe mudzaone si mmene amaphunzitsira masiku onse.

Khalani kumbuyo mpaka belu lilire, maso pa ana. Onani pa wotchi kuti mphunzitsi walankhula mphindi zingati, ana agwira ntchito mphindi zingati. Chenjerani ndi kuyankha kwa chigulu: kalasi yonse ikamakuwa "ba be bi bo bu", ana asanu akutsogolo ndiwo akuwerenga, enawo akungotsatira mawu, maso ali pawindo. Potuluka tengani makope 6, awiri akutsogolo, awiri apakati, awiri akumbuyo, muone tsiku limene anachongedwa komaliza ndiponso ngati mwana anakonza zomwe analakwa.

Kambiranani tsiku lomwelo muli awiri, osati mu staffroom. Mphunzitsi ayambe ndiye kunena mmene phunziro layendera. Kenako tchulani chimene chayenda bwino, ndi chinthu chimodzi chokha choti asinthe, monga kuloza mwana ndi dzina lake m'malo mofunsa gulu. Mukamuunjikira zolakwa khumi sasintha ngakhale chimodzi. Bwererani pakatha masabata awiri kukaona chomwecho.

Pa za kuwerenga, boma lanu la Katete ndi la Chipata anali m'gulu la maboma oyamba kuyesa pulogalamu ya Catch Up, yothandiza ana otsalira m'mbuyo pa kuwerenga, muno mu Zambia mu 2016. Njira yake ndi kuyesa mwana mmodzimmodzi wa Giredi 3 mpaka 5, kuona ngati akudziwa zilembo, mawu, ndime kapena nkhani yonse, n'kuwagawa m'magulu motsata pamene afika, osati giredi yawo. Imafera pa zinthu ziwiri: ola lake kulandidwa ndi kusesa kapena masewera, ndi kusayesanso ana kuti amene apita patsogolo asinthe gulu. Zonsezi zili m'manja mwanu.

FUNSO: Misonkhano ya aphunzitsi ya SPRINT (pulogalamu yoti aphunzitsi aziphunzitsana pasukulu teremu iliyonse) pasukulu pathu imangokhala ya zolengeza ndi madandaulo. Tingaikonze bwanji? — Senior teacher, Lundazi

YANKHO: Aphunzitsi, zolengeza zipite pa bolodi. Msonkhano ukhale wa Lesson Study, yomwe inayamba m'dziko muno mu 2005 mothandizidwa ndi JICA, bungwe la chitukuko la dziko la Japan. Gulu lisankhe mutu umodzi wovuta, mwachitsanzo kuchotsera kobwereka pa masamu, likonze phunziro pamodzi, mmodzi aliphunzitse ena akuonerera, mukambirane, mulikonze, liphunzitsidwenso m'kalasi ina. Ambiri amalekera pa kukambirana koyamba, chonsecho phindu lili pa kuphunzitsa kachiwiri. Phunzirolo ndi la gulu lonse, choncho musadzudzule munthu. Zingathandize kwambiri ahedi atakhala oyamba kugwira choko. Mutu ukakukanikani nonse, SIC wanu (mphunzitsi woyendetsa maphunziro a aphunzitsi pasukulu) apemphe thandizo ku zone (gulu la masukulu oyandikana) kapena ku resource centre ya boma.

FUNSO: Chiyambireni maphunziro aulere mu 2022, ndili ndi ana opitirira 90. Ahedi akufuna kope lililonse lichongedwe tsiku lililonse. N'zotheka? — Mphunzitsi, Chadiza

YANKHO: Makope 90 pa mphindi ziwiri lililonse ndi maola atatu pa phunziro limodzi, ndiye n'zosatheka. Gwirizanani ndi ahedi kuti muzichonga mzere umodzi mozama tsiku lililonse, makope 18, kuti pofika Lachisanu mwana aliyense akhale ataonedwa. Enawo asinthane makope n'kuchongerana mayankho muli pa bolodi, inu mukuyendayenda pakati pawo.